Agalu Atatu, Zifuwa Ziwiri

Lolemba

Andigoneka lero masana, wodi ya amayi, bedi la pazenera. Dokotala wati ndi chibayo, phapo lakumanja, ndipo pansi pake pali madzi. Kutentha kwa thupi 39.4. Mpweya m'magazi 88, choncho andiika kapaipi m'mphuno. Diripi ali kudzanja lamanzere, ndipo ndathokoza chifukwa ndimalembera lamanja. Mankhwala opha mabakiteriya akudzera momwemo, m'mawa ndi madzulo. Atenga magazi ndi makhololo, kuti aone ngati ndi chibayo chokha kapena chifuwa chachikulu chabisala kumbuyo kwake.

Ndinaphunzitsa sayansi mpaka kupuma ntchito. Manambala amandikhazika mtima pansi kuposa mawu oti "mukhala bwino." N'chifukwa chake ndapempha cholembera.

Kunyumba ndasiya agalu atatu, onse akutsokomola. Phulusa ndi wamkazi, wokalamba, kukamwa kunatuwa kale. Bwanamkubwa ndi wamphongo, thupi lalikulu, nzeru zochepa. Awiriwa ndinawabayitsa katemera yense pa nthawi yake. Wachitatu ndi Kadontho, kamwana kagalu kamene mwana wanga wamkazi anandigulira mwezi watha kwa munthu wina m'mbali mwa msewu, ati ndisamasungulumwe chimwalirire bambo ake. Wogulitsayo anati n'kobayidwa kale. Umboni wake unali pakamwa basi. Chifuwa chinayambira Kadontho, kenako chinagwira akuluakuluwo.

Mwana wanga watenga tchuthi kuntchito ndipo azigona kwanga. Ndamuuza kuti Kadontho amutsekere m'galaja payekha, mbale yakeyake, ndipo aitane dokotala wa ziweto. Anangoti, "Amayi, pumani kaye."

Lachiwiri

Tsiku limayamba ndi mkokomo wa ndowa ya okolopa, kenako namwino ndi koyezera kutentha, kenako tiyi wofunda amene sanasankhe kukhala tiyi kapena madzi. Madokotala amadutsa dzuwa litafika paphazi la bedi langa.

Kutentha 39.1. Mpweya 91 ndili ndi kapaipi. Andibaya kumsana, pakati pa nthiti, n'kupopa madzi achikasu odzaza pafupifupi botolo la diripi. Dokotala ndi mtsikana wodekha, manja ozizira koma osanjenjemera. Ankandiuza chilichonse asanachichite. Ndamuyamikira zimenezo, ndipo anaoneka wodabwa.

Pabedi loyandikana nane pali mayi wosoka zovala, onse amangowatchula Atelala. Ali ndi shuga, ndipo bala la kuphazi lakana kupola. Pakamwa pokha palibe bala. Atamva ndikufunsa za agalu anati, "Inu Aphunzitsi, anzanu akagonekedwa amalira ana, inu mukulira agalu? Kodi amakulipirani lendi?"

Ndinati amandilipira tulo. Chibwerere agaluwo sindinayambe ndadzukapo kukasuzumira pachipata.

Ndilembe zimene ndikudziwa, mutu usanayambenso kuzungulira. Pali matenda awiri amene amayamba ndi kutsokomola. Oyamba ndi chifuwa cha m'khola, chimene agalu amapatsirana akakhala pamodzi. Galu amatsokomola mouma, mokuwa ngati tsekwe, mwina n'kulavula kathovu, kenako n'kupita kukadya ngati palibe chachitika. Chimatha chokha pakapita masabata angapo. Achiwiri ndi disitempa. Nayo imayamba ndi chifuwa, koma galu amafooka, amakana kudya, m'maso mumadzaza manthongo, mamina amakhala olimba achikasu, amasanza ndi kutsegula m'mimba. Ikafika ku ubongo amayamba kutafuna popanda chakudya mkamwa, miyendo kumadumpha yokha, kenako kugwa ngati wakhunyu. Tiana tosabayidwa tambiri sitipulumuka. Masiku oyamba, khutu lokha silingasiyanitse matendawa. Pamafunika maso.

Maso anga ali kuno.

Mwana wanga anabwera ndi mpunga ndi nyama ya msuzi. Ndinadya masipuni ochepa. Zotsala anazigawa patatu m'timapepala kuti akapatse agalu, monga ndimachitira ine. Ndinafunsa kuti agalu ali bwanji.

"Ali bwino, Amayi."

"Akudya?"

"Ali bwino onse. Inu idyani."

Lachitatu

39.6 m'mawa. Madzi abwereranso. Andiika chubu m'nthiti, chikutsikira m'botolo pansi pa bedi. Chikupweteka ndikatsokomola.

Namwino wamtali anandisambitsa ndi kansalu n'kundipesa. Sanalankhule zambiri. Zinandikwanira.

Agalu ati ali bwino.

Lachinayi

38.5. Mpweya 93. M'botolo madzi achepa ndipo ayera pang'ono. Zotsatira zoyamba za makhololo: chifuwa chachikulu sichinapezeke. Akudikira zina zoonetsa mtundu wa bakiteriya amene wandigwira. Ndakondwa, ndipo ndadya nthochi yonse.

Masana mwana wanga anabwera ndi mpunga ndi nyama. Manja ake ankanunkha mankhwala okolopera, khungu la zala litayera. Nditamaliza kudya anatenga zotsala n'kugawa pawiri. Anamanga timapepala tiwiri, n'kuika m'chikwama.

Ndinamuyang'ana mpaka anatseka zipi.

"Amene sakudyayo ndi ndani?"

"Amayi?"

"Wagawa pawiri. Agalu ndi atatu. Wafa, kapena sakudya?"

Anakhala pampando. Atelala anatembenukira kukhoma, koma khutu linatsala kuno.

Si wakufa. Kadontho anasiya kudya Lachiwiri madzulo. M'maso mwamata manthongo, mamina auma pamphuno, ndipo dzulo wasanza kawiri. Dokotala wa ziweto anabwera kale Lachiwiri lomwelo, anapukuta m'diso ndi kathonje n'kuyeza. Ndi disitempa. Anamuika madzi pansi pa khungu, anasiya mankhwala oletsa kusanza ndi ena oteteza mapapo, n'kunena poyera kuti mankhwala opha kachilomboko palibe, thupi limenye lokha nkhondo. Mwana wanga wakhala akum'mwetsa msuzi ndi sirinji, akusintha zovala ndi nsapato pakhomo la galaja, akukolopa pansi, akusamba m'manja asanakhudze enawo. Zonse zimene ndikanamuuza wazichita, ndi zina zimene ndikanaiwala.

"Nanga bwanji sunandiuze?"

"Amalume anati wodwala sauzidwa zoipa. Ndiponso, Amayi, ndine ndinabweretsa kagalu kameneka."

Ndinamuuza kuti matenda sabwera ndi cholinga cha wogula. Ndinamuuzanso kuti bodza lokoma limandidwalitsa kuposa chilungamo chowawa, chifukwa ndikapanda kudziwa ndimaganiza zoipitsitsa. Tinagwirizana kuti sindidzafunsanso kuti "ali bwanji." Funso limenelo lili ndi yankho limodzi dziko lonse. Ndizifunsa kuti wadya chiyani, m'maso muli chiyani, wathamangira kuchipata kapena ayi.

Phulusa: wadya zonse, m'maso moyera, wauwa wogulitsa masamba. Bwanamkubwa: wadya zake ndi theka la za Phulusa, wagwetsa njinga ya mkamwini wanga. Onse akutsokomolabe.

Atachoka, Atelala anati, "Mukanakhala apolisi inu. Mwana wa eni kumugwira ndi mafupa!"

Lachisanu

38.0. Mpweya 94. Ndinayenda mpaka kubafa nditanyamula botolo langa ngati chikwama cha kutchalitchi. Wophunzitsa kupuma anabwera ndi kachida ka timipira titatu, ndiziuzira kuti tikwere. Ndakweza kamodzi ndi theka. Atelala anati ana awo a sukulu ya mkaka angakweze tonse.

Ndinapempha mwana wanga kuti ajambule agalu pafoni, ndione ndekha. Anatumiza masana. Ndinaiwala kuchepetsa mawu. Bwanamkubwa atatsokomola, wodi yonse inadzidzimuka, ndipo namwino wamtali anathamanga kuchokera kutebulo lake atanyamula kale chigoba cha mpweya.

"Ndani akutsamwa? Bedi liti?"

"Ndi mwana wawo wamwamuna," anatero Atelala. "Waubweya uja."

Namwino anaseka mpaka anagwira chitsulo cha diripi. Kenako anati, "Bwezeraninso, ndimve bwino." Tinaonera atatu. Bwanamkubwa anakuwa ngati tsekwe, anatambasula khosi, analavula kathovu, n'kuthamangira mpira. Phulusa anatsokomola mofananamo, motsika pang'ono, n'kuyang'ana wojambula ndi maso owala, mphuno yonyowa bwino, yopanda mamina. Ndinabwereza kangapo. Sindine dokotala wa ziweto, koma amenewa si agalu a disitempa.

Kanema wa Kadontho ndinaonera ndekha, mawu nditatseka. Wagona chammbali pa thaulo langa lakale. Mchira unagwedezeka kamodzi atamva mawu a mwana wanga.

Madzulo dokotala wa ziweto anandiimbira yekha. Ndi mayi wolankhula mwachidule, mtundu wa anthu amene ndimawakonda. Anati akuluakuluwo wawayeza kutentha, kuli m'malo mwake, ndipo kathonje sikanaonetse kanthu. Akuganiza kuti kamwanako kanabwera ndi matenda onse awiri. Katemera watchinga disitempa, koma chifuwa cha m'khola chadutsa, poti katemera amene ndinawabayitsa sachitchinga chonse. "Sindikulonjezani," anatero. "Phulusa ndi nkhalamba, ndipo kuyeza kumaphonya nthawi zina. Tiwayang'anira masabata angapo. Koma mukandifunsa lero, m'nyumba mwanu muli matenda awiri, osati amodzi."

Ndinamuthokoza chifukwa cha mawu oti "lero."

Loweruka

37.8. Mpweya 95. Madzi m'botolo ochepa kwambiri.

Achimwene anabwera ndi malalanje thumba lonse ndi buledi wotentha. Ndi akulu kwa ine, ankayendetsa malole mpaka msana unakana. Agalu sanawakondepo. Ali mwana analumidwa pantchafu, ndipo nkhani imeneyo timaimva chaka chilichonse, galuyo akukulirakulira.

Anasenda lalanje, anandipatsa, anapatsanso Atelala, amene anakana chifukwa cha shuga kenako n'kulandira theka. Atatero anakonza kukhosi.

"Mlongo wanga, Lolemba mwanayu akubwerera kuntchito. Makiyi a nyumba yako ndisunga ndine. Ndiye ndaganiza kuti ukamatuluka muno ukapeze pakhomo poyera."

"Poyera bwanji?"

"Agalu aja achoke. Onse atatu."

"Apite kuti?"

"Usandifunse ngati uli m'kalasi. Ukudziwa."

Ndinati dokotala wa ziweto sangavomere kugoneka tulo tosadzuka agalu amene akudya ndi kuthamanga. Anati si dokotala yekha amene amadziwa ntchito imeneyo.

"Ikaola imodzi, zaola zonse," anatero. "Kagalu kabwera, katsokomola. Enawo atsokomola. Iwe watsokomola. Lero uli ndi paipi m'nthiti. Ukufuna ndiwerenge buku lanji kuti ndione zimenezi?"

Ndinawafotokozera kuti disitempa sigwira munthu, ndipo akuluakuluwo alibe disitempa. Anapukusa mutu.

"Chifuwa ndi chifuwa."

"Achimwene, lole ikamatulutsa utsi wakuda ndi ikamatulutsa woyera, vuto ndi limodzi?"

"Usalowetse malole pa nkhani ya agalu."

"Yankhani kaye."

"Si limodzi. Koma lole sigona pakhonde pako n'kumakunyambita m'manja." Anayang'ana botolo la pansi pa bedi nthawi yaitali. "Ndinanyamula bokosi la mlamu wanga. Lako sindinyamula chifukwa cha galu. Undida, chabwino. Udzandida uli moyo."

Zimenezo si nkhani ya mabakiteriya. Mwana wanga anali chiimire kuphazi kwa bedi, maso pansi. Ndinaona kuti mantha a amalume ake amulowa, ndipo sadzawatsekereza pachipata.

Ndinapempha chinthu chimodzi. Asakhudze galu aliyense mpaka zotsatira za makhololo anga zitatuluka Lolemba, ndipo abwere adzamve okha kwa dokotala. Zikaonetsa kuti ndi za agalu, tidzakambirana. Zikapanda kutero, awasiye.

"Zikaonetsa kuti ndi za agalu sitidzakambirana," anatero.

"Chabwino."

Ndavomera chifukwa ndikudziwa kuti mpata woti zitero ndi wochepa. Wochepa, koma ulipo. Mmodzi mwa mabakiteriya a chifuwa cha m'khola amatha kugwira munthu wofooka m'thupi, ngakhale sizichitikachitika. Zimenezi sindinawauze achimwene lero. Ndazilemba pano kuti ndisadzanamizire kuti sindinkadziwa.

Atatuluka, Atelala anati, "Mwamuna ameneyu amakukondani ngati nsapato yothina."

Lamulungu

37.4. Andichotsa kapaipi ka m'mphuno kwa maola angapo, mpweya sunatsike pa 94.

M'mawa mwana wanga anaimba. Kadontho wayamba kutafuna mkamwa mopanda kanthu, dovu likutuluka. Mwendo wakumbuyo ukudumpha wokha ngakhale ali mtulo. Ali pafoni pomwepo anagwa, n'kuyamba kupalasa pansi. Ndinamva zikhadabo pasimenti. Ndinauza mwana wanga kuti asamuike dzanja mkamwa, angochotsa zinthu zomuzungulira, ndipo aitane dokotala wa ziweto.

Dokotalayo atafika anandiimbira. Wagwa kachitatu chiyambire m'bandakucha. Pansi pa mapazi pauma ngati chikopa. Sakumeza. Anati ena amapulumuka ngakhale zafika ku ubongo, koma osati wamng'ono chonchi, wofooka chonchi, akugwa motsatizana chonchi. Ndinafunsa ngati akumva ululu. Anati pakati pa kugwako amakhala ndi mantha, ndipo sakudziwanso pamene ali.

Ndinati amugoneke, asadzukenso.

Mwana wanga anati, "Amayi, mwina tidikire mawa." Ndinamufunsa kuti mawalo tikudikirira ndani, kagaluko kapena ifeyo. Kenako anati amunyamula yekha pamiyendo. Anatero. Mkamwini wanga anakumba kuseri kwa galaja, dzenje lakuya monga dokotala analangizira, ndipo thaulo ndi mbale anazikwirira pamodzi.

A mapemphero anabwera m'wodi masana, anaimba nyimbo ziwiri. Sindine woimba. Ndinatembenukira kuzenera. Atelala anatambasula dzanja n'kukoka katani wa pakati pathu, osanena kanthu, chinthu chimene sindinkadziwa kuti amatha.

Kadontho anakhala nafe mwezi umodzi. Anatafuna nsapato zanga ziwiri, zonse zakumanzere.

Phulusa wadya. Bwanamkubwa wadya.

Lolemba

37.0. Mpweya 96 popanda kapaipi. Ndilemba zambiri lero chifukwa mphamvu zilipo.

Achimwene anafika madokotala asanayambe kuyendera, atavala jekete, ngati akupita kukhoti. Namwino wamtali anafuna kuwabweza poti si nthawi ya alendo. Ndinamupempha, ndipo anawapatsa mpando n'kuwauza kuti akhale ngati kabati.

Dokotala atafika pabedi langa anawerenga pepala. Bakiteriya wapezeka, ndipo mankhwala amene akundipatsa ndi omugwira. Chubu achotsa mawa akajambula m'chifuwa. Ndinati, "Adokotala, awa ndi achimwene anga. Ali ndi funso."

Anaimirira n'kuvula chipewa. "Pepani adokotala. Ine sindinapite patali ndi sukulu ngati mlongo wangayu. Kunyumba kwake kuli agalu odwala chifuwa. Kamodzi kafa dzulo. Ndimati ndimve, matenda akewa sanawatenge kumeneko?"

Dokotala sanaseke, ndipo ndamulemekeza pa chimenecho. Anati ndi funso labwino, ndipo akanakonda achibale onse akanamafunsa asanachite kanthu. Anati bakiteriya amene wapezeka ndi wa anthu, amene amayambitsa chibayo kawirikawiri. Ambiri timayenda naye m'mphuno osadziwa, makamaka ana aang'ono. "Amayiwa akhoza kuti anamutenga m'basi, pamaliro, kapena kwa mdzukulu wa chimfine. Kwa galu ayi."

"Eee, ndiye zavuta," anatero Atelala. "Achimwene, pa zidzukuluzo muyambira chiti? Mukufuna ndikubwerekeni thumba?"

Wodi yonse inaseka, ngakhale mayi wa bedi la pakhomo amene sanalankhulepo chibwerere. Achimwene anayesa kukwiya koma mlomo unawapereka. "Mayi inu, phazi limenelo likapola mudzathawe," anatero.

Zikanatha kuthera pomwepo, ine nditapambana. Koma ndinali ndi ngongole ya chilungamo, ndipo ndinafunsa ndekha. Ndinati nanga chifuwa cha m'khola, poti akuluakuluwo akadali nacho, ndipo phapo langa ndi lofooka? Dokotala anaganiza pang'ono. Anati disitempa sigwira anthu, zimenezo tiiwale. Koma bakiteriya mmodzi wa chifuwa cha m'khola amatha kugwira munthu amene mapapo ake avulala kumene. Sizichitika kawirikawiri, iye sanazionepo ndi maso, koma akanakhala mayi ake akanati atalikirane ndi agaluwo mpaka chifuwa chitatha.

Achimwene ananditembenukira. "Wamva?"

"Ndamva. Ndinkadziwa kale."

"Unkadziwa? Loweruka lija unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"Ndiye amene amati tisamubisire kanthu ndi ameneyu!" Anauza dokotala, anauza namwino, anauzanso Atelala. Ndinawasiya, chifukwa ananena zoona.

Madokotala atapita pabedi lina, anakhala pansi n'kuyamba kupotokola chipewa. Ndinati pali njira ziwiri zotalikitsira munthu ndi galu. Ina ndi kuchotsa galu. Ina ndi kuchotsa munthu.

"Ukutanthauza chiyani?"

"Chipinda chija cha kwanu chimene mumasungiramo matayala."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo china. Chimwalirire mwamuna wanga akhala akundipempha kuti ndikakhale kwawo ngakhale sabata imodzi, ndipo ndakhala ndikukana. Kwawo wailesi siitsekedwa, alamu anga amathira mchere asanalawe, ndipo aliyense amene wadutsa pamsewu amaitanidwa kudzamwa tiyi. Ine ndimakonda nyumba yachete ndi mabuku anga. Iwo akudziwa zimenezi.

"Ukhala mpaka liti?"

"Mpaka dokotala wa ziweto atanena kuti chifuwa chatha. Mwina masabata awiri, mwina atatu."

"Mwezi."

"Mpaka atanena."

"Osabwera ndi mabuku odzaza galimoto."

"Asanu."

"Nanga zilombo zakozo azidyetsa ndani? Mwanayu ali kuntchito."

Atelala ndiwo anayankha. "Amene wasunga makiyi."

Anadandaula nthawi yaitali. Anatchula msana, anatchula ntchafu, anatchula galu wa kale uja, amene lero wafika msinkhu wa mwana wang'ombe. Potsiriza anati aziponya chakudya ali kunja kwa mpanda. Ndinati sizikwana. Ndikufuna aziona m'maso, aziona mphuno, aziona ngati mbale zatha, ndipo azindiuza zimene aona, osati zimene akufuna ndimve. Phulusa akangosiya chakudya kamodzi, aimbire dokotala tsiku lomwelo.

"Ndipatseni mawu anu, achimwene. Sindikufuna kudzamva kuti anathawa okha."

Anavala chipewa, n'kuchivulanso. "Ndakupatsa. Bola iwe udye zimene alamu ako aphike, osawerenga mchere."

Lachiwiri

36.8. Mpweya 97. Ajambula m'chifuwa: phapo latambasuka, madzi atsala ochepa oti thupi limwa lokha. Chubu achotsa masana. Anandiuza kuti ndipume kwambiri, ndigwire mpweya, ndipo chinatuluka ndisanamalize kuopa. Asoka kamodzi n'kumata. Diripi achotsanso, ndayamba mapiritsi, ndimwa sabata ina yathunthu. Timipira ndakweza tiwiri.

Atelala apita nawo kukatsuka bala, abwerako ali ndi zala zonse zisanu, zimene dokotala wawo sankalonjeza sabata yatha. Atsitsimuka akufunsa ngati wina wadya buledi wawo. Andiyeza ndi maso n'kunena kuti madiresi anga onse afunika kubweza m'chiuno, ndidzawapititse. Ndidzapititsa, ngakhale amene akundikwana.

Kwa namwino wamtali ndasiya malalanje otsala. Ndi zochepa poyerekeza ndi kupesedwa tsiku limene sungathe kukweza dzanja.

Madzulo achimwene anaimba. Ndalemba monga ananenera.

"Wamkuluyo wadya ngati wabwera ku ulendo. Watsokomola kawiri. Wandipondanso phazi, chitsiru. Nkhalambayo inayamba yandiyang'ana, ine n'kuiyang'ana. Kenako yadya, yasiya pang'ono pambali."

"Pang'ono bwanji?"

"Ngati chikhatho cha mwana. Nditatembenuka yamaliza. Imafuna ndichoke, ili ndi mwano ngati mwini wake."

"M'maso?"

"Moyera. Ndayang'ana onse awiri."

"Munaona bwanji muli kunja kwa mpanda?"

"Pampanda sipaoneka bwino," anatero. "Usandifunse zambiri."

Sindinafunse.

Mawa akandiyeza m'mawa, kutentha kukapanda kukwera, anditulutsa. Achimwene abwera ndi galimoto, matayala ati awasamutsira kukhonde. Tidzera kwanga kuti mwana wanga anditengere zovala ndi mabuku, ine ndikhala m'galimoto, galasi lotseka. Lachisanu dokotala wa ziweto abweranso kudzayeza Phulusa, ndipo womugwirira galuyo ndi achimwene.